Chenjezo kwa makolo ndi alezi a ku Mecanhelas: mbaula isalowe m'chipinda cha ana

Uthengawu ukupita kwa inu nonse amene mumasunga ana a anzanu m'boma lino la Mecanhelas, kuyambira ku Insaca mpaka ku Chiuta ndi ku Entre-Lagos: alezi a m'sukulu za mkombaphala zimene kuno timati escolinha, amayi ophika phala, a mipingo amene mumabwereketsa zipinda, ndi makolo amene mumasiya ana m'mawa n'kulowera kudimba kapena kunyanja. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chimene muli ana. Isalowe ngakhale kwa kanthawi kochepa, ngakhale makala atafiira, ngakhale anawo akunjenjemera.

Kuzizira kwa June ndi July tonse tikukudziwa. Mwera ukawomba m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, ana amafika mano akugundana, mamina ali chuchuchu, ena opanda juzi. Mlezi wachifundo amaona mbaula imene waphikirapo phala idakali ndi moto, n'kuinyamula kulowa nayo m'kati. Amatseka chitseko, pazenera n'kutsekapo ndi thumba kapena katoni. Zimenezi ndinazionapo ndi maso anga pa kasukulu kena ka kumudzi. Ana anali pamphasa, ena atagona chafufumimba m'zitenje, m'chipinda muli zii. Mleziyo anandilandira akumwetulira, nati, "Lero afatsa, sakuvuta." Koma iye mwini ankangosisita pachipumi, akudandaula litsipa. Kamtsikana kena kanadzuka n'kusanza phala lonse. Tinakankha chitseko, kutulutsa mbaula, n'kunyamula ana mmodzimmodzi kukawakhazika padzuwa. Patapita kanthawi anayamba kulira ndi kukanganirana makapu, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Mayi uja ankawakonda anawo. Panalibe amene anamuuzapo za choopsachi.

Makala, nkhuni, parafini ndi petulo zikamayaka pamalo osapita mphepo zimatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, pa Chipwitikizi monóxido de carbono. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Utsi umakuchenjeza chifukwa umaluma m'maso, koma mpweya uwu umalowa mwakachetechete. N'chifukwa chake mawu amene timakonda kunena aja, akuti "utsi watha, makala afiira, tsopano tilowetse", ndi oopsa kwambiri. Makala ofiira bwinobwino amakhala akutulutsabe poizoniyu mpaka atazimiratu.

M'magazi mwathu muli mphamvu yonyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita kuubongo, kumtima ndi thupi lonse. Carbon monoxide amamatirira pamalo a okosijeni mwamphamvu yoposa ya okosijeniyo kopitirira ka 200. Munthu amaoneka kuti akupuma, koma ubongo wake ukubanika. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, motero poizoni amamudzaza msanga, ndiponso khanda silinganene kuti mutu ukupweteka. Limangofooka, kusiya kuyamwa, n'kugona tulo tosadzuka. Mayi woyembekezera amene akuphika m'chipinda chotseka akuika pachiswe ndi mwana amene ali m'mimbayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo, omwe kuno kunyanja ndi matenda a tsiku ndi tsiku: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka, kuwodzera. Kholo limathamangira mankhwala a malungo, mawa lake mwana n'kumubwezera m'chipinda chomwe chija, pafupi ndi mbaula yomwe ija. Ena akaona banja lonse ladzuka lodwala amayamba kuloza zala anansi kuti awalodza kapena awathirira chiphe m'ndiwo. Tayang'anani kaye pakona pa nyumba. Ngati anthu angapo adwala nthawi imodzi m'chipinda chimodzi, thupi silikutentha, ndipo akupeza bwino akatuluka panja, ganizirani za mpweyawu musanaganize china chilichonse.

Mukaona zotere musachedwe. Tsegulani chitseko ndi mazenera onse, tulutsani ana onse, osati okhawo amene akuoneka odwala. Wakomoka mugoneke chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo musamuthire mkaka, madzi kapena mankhwala azitsamba m'kamwa. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya ndi panjinga ya kabaza, ndipo mukafika nenani momveka kuti mwanayu anali m'chipinda chotseka chokhala ndi mbaula. Mawu amenewa ndi ofunika chifukwa kachipangizo kamene amapanitsa pachala poyeza okosijeni kakhoza kuonetsa ngati zonse zili bwino pamene magazi adzaza poizoni. Mankhwala ake ndi okosijeni. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyu lichoke m'magazi, koma akampatsa okosijeni wokhawokha zimatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Mwana amene anakomoka n'kutsitsimuka apitebe kuchipatala, chifukwa ubongo ukhoza kudzaonetsa kuvulala patapita masiku.

Si mbaula yokha. Jenereta yolizira zokuzira mawu kutchalitchi kapena yotchajira mafoni pamsika isayatsidwe m'nyumba, pakhonde lotchinga kapena pafupi ndi zenera la ana. Njinga yamoto isalizidwe m'chipinda. Asodzi amene mumawamba matemba usiku, ana asagone m'khumbi lowambiramo nsomba.

Pali kachipangizo kamene kamamva mpweyawu munthu asanaumve. Ndi kabokosi kokwana m'dzanja, koyendera mabatire, kosafuna magetsi, ndipo kamalira mokweza poizoni akachuluka. Maiko ena anaphunzira kufunika kwake ana atavulala kale. Mu January 2019, pasukulu ya pulayimale ya des Découvreurs mumzinda wa Montreal ku Canada, ana oposa 30 anatengeredwa kuchipatala mpweyawu utatuluka m'makina otenthetsera zipinda, ndipo pambuyo pake boma la Quebec linalamula kuti sukulu zonse zikhale ndi alamu yotere. Ife tisadikire maliro. Ndikupempha ofesi ya boma yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu ku Insaca, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a makolo, kuti agwirizane mfundo ziwiri pa malo alionse osungirako ana: khitchini ikhale panja, pachisakasa chopita mphepo chotalikirana ndi chipinda cha ana, ndipo chipinda chimene ana amagonamo chikhale ndi alamu. Mabungwe amene amabweretsa ufa wa phala, mabuku ndi zidole awonjezerepo kachipangizoka. Makolo amene muli ndi abale ku Nampula, ku Blantyre kapena ku Joni, atumeni akufunireni.

Pogula onetsetsani kuti palembedwa CO kapena monóxido de carbono, chifukwa alamu ya utsi ndi ina, siimva mpweyawu. Yokhala ndi chizindikiro cha EN 50291 inayesedwa kuti imalira pasanathe mphindi zitatu poizoni akafika pamlingo woopsa wa 300 ppm. Muiike m'chipinda chimene ana amagona, pamalo oonekera, osati kuseri kwa nsalu kapena m'kabati. Dinani batani loyesera kawirikawiri, ndipo mabatire ake asachotsedwe kukaika muwailesi kapena mutochi. Kumbuyo kwake kumalembedwa chaka chimene idzathe mphamvu, nthawi zambiri pakati pa zaka 5 ndi 10. Ikalira tulutsani ana kaye, mafunso pambuyo. Komabe kukhala ndi alamu si chilolezo cholowetsa mbaula.

Nanga ana akazizidwa tichite chiyani? Afunditseni, avekeni zipewa ndi masokosi, yalani matumba kapena udzu pansi pa mphasa, apatseni phala lotentha akangofika, ndipo dzuwa likatuluka phunzirirani panja. Makolo, mawa popereka mwana lowani m'chipindamo, muone pamene pali mbaula, muone ngati zenera likutseguka, ndipo mufunse alezi kuti phala amaphikira kuti.