Mabungwe amene ankabwezera mafupa kumudzi

Mu Okutobala 1902, sitima yapamadzi yotchedwa Ventnor inanyamuka ku Wellington, m'dziko la New Zealand, ulendo wa ku Hong Kong. Kuphatikiza pa malasha, inanyamula mafupa a Atchaina 499, ambiri mwa iwo anthu amene anapita kukakumba golide ku Otago n'kufera komweko. Kunyamula mafupawa sikunalipiridwe ndi boma kapena kampani ayi. Linali bungwe la eni ake, la Cheong Shing Tong, lomwe linkasonkhetsa ndalama kwa anthu ochokera dera la Poon Yu. Anafukula manda amodziamodzi, kutsuka mafupa, kuwalongedza m'mabokosi n'kulembapo dzina la mwini wake, kuti aliyense akagone kumene ana ake angamakasese manda ndi kupereka nsembe. Sitimayo inagunda mwala panjira, kenako inamira pafupi ndi Hokianga. Mafupa ena amene nyanja inalavulira kumtunda anatoledwa ndi Amaori a kumeneko, ndipo anawaika m'manda mwaulemu.

Omvera, mabungwe oterewa analipo m'madera ambiri kumene Atchaina anakafika, ndipo nthawi zambiri ankayambira pa kachisi. Ku Singapore, kachisi wa Thian Hock Keng anamalizidwa mu 1842 mumsewu wa Telok Ayer, womwe masiku amenewo unali m'mbali mwenimweni mwa nyanja. Munthu akangotsika m'chombo ankayamba wafukiza lubani kwa Mazu, mulungu wamkazi wa panyanja, kuthokoza kuti wafika wamoyo. Pamalo omwewo panali bungwe la anthu olankhula Chihokkien, lomwe linkathandiza alendo, kuweruza milandu ya anthu ake, ndipo pambuyo pake linamanga sukulu.

Zolakwika zinalipo, tisabise. Ku San Francisco, mgwirizano wa mabungwe wotchuka ndi dzina loti Six Companies unkaonetsetsa kuti munthu asakwere sitima yobwerera kwawo asanabweze ngongole zake, ndipo amalonda olemera ndiwo ankalamula. Komabe ndi mgwirizano womwewu umene mu 1892 unauza Atchaina kuti akane lamulo lowakakamiza kuyenda ndi chitupa, n'kusonkhetsa dola imodzi kwa aliyense yolipirira maloya. Pamlandu wotsutsa lamulolo anagonja kukhoti lalikulu mu 1893.

Ife nkhaniyi sitiyenera kuimva ngati yachilendo. Abale athu a ku Joni amasonkherana kuti thupi la mnzawo lifike kumudzi, ndipo amadziwa kulemera kwa mtolo umenewu. Chimene ndimasirira pa mabungwe a Atchaina n'chakuti sankadikira maliro kuti ayambe kuyendetsa mbale. Anali ndi kaundula wa mayina ndi midzi, msungichuma wodziwika, komanso nyumba yawoyawo. Ku Hong Kong, chipatala cha Tung Wah chinali ndi nyumba yapadera yolandirira mabokosi ochokera kunja, kuwasunga mpaka atapeza njira yowatumizira kumidzi ya ku Guangdong.