Seva yopanda malire ndi seva yosatetezeka

Mu Epulo 2024, katswiri wofufuza za chitetezo cha makompyuta, Bartek Nowotarski, anaulula vuto limene linali m'mapulogalamu ambiri oyendetsa maseva a pa intaneti. Vutoli, lotchedwa CONTINUATION Flood, linakhudza Apache httpd, Node.js, Envoy, Tomcat ndi mapulogalamu olembedwa mu Go. Pa ena mwa mapulogalamuwa, munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta imodzi ankatha kuchititsa seva kudya memore yake yonse mpaka kugwa. Ife tikuti vuto lotere lisamaonedwe ngati ngozi yongogwa mwadzidzidzi. Limabwera chifukwa olemba mapulogalamu amalola mlendo wosadziwika kulamula kuchuluka kwa memore imene seva igwiritse ntchito, ndipo kuika malire pa zimenezi ndi udindo wawo kuyambira tsiku loyamba.

Seva ikalandira pempho, imapatula kagawo ka memore kosungiramo zimene zikubwerazo mpaka pempholo litakwanira. M'ndondomeko ya HTTP/2, yomwe inakhazikitsidwa mu 2015, mitu ya pempho ingathe kutumizidwa m'zidutswazidutswa, ndipo chidutswa chomaliza chimakhala ndi chizindikiro chakuti mitu yathera pamenepa. Woukira amangotumiza zidutswa mosalekeza osaika chizindikirocho. Zili ngati wogula amene akungoitanitsa katundu m'golosale osafika polipira, mwini golosale n'kumaunjika pakauntala mpaka kusowa poika phazi. Memore ikatha, Linux imapha pulogalamuyo kuti makina onse asafe nayo. Choipa china n'chakuti maseva ambiri amalemba pempho m'kaundula wawo likatha, choncho pempho losamalizidwa silisiya mapazi, ndipo woyang'anira amangopeza seva yagwa osadziwa chaigwetsa.

Tikanakhululuka kukanakhala koyamba, koma mbiri ikutitsutsa. Mu Januwale 2007, Michal Zalewski anachenjeza kuti njira yopemphera zigawo za fayilo, yotchedwa Range, ingagwiritsidwe ntchito molakwika. Panapita zaka 4 mpaka mu Ogasiti 2011 pamene kapulogalamu kotchedwa Apache Killer kanafalitsidwa, kamene kankapempha zigawo zambirimbiri zolowana za fayilo imodzi mpaka seva kutha mphamvu. Apa m'pamene Apache 2.2.20 inatuluka ndi chokonza. Kale izi zisanachitike, akatswiri ankadziwa za kafayilo ka XML kotchedwa billion laughs, kosakwana kilobaiti imodzi, kamene kakamatambasulidwa kamafuna memore ya magigabaiti pafupifupi 3. Mu 2019, akatswiri a ku Netflix ndi Google anaululanso mavuto 8 m'mapulogalamu a HTTP/2, angapo mwa iwo odya memore. Mayina amasintha koma muzu ndi umodzi: seva imasunga chilichonse chimene yapatsidwa osafunsa kuti chithera pati.

Ena amati mavuto amenewa ndi aang'ono chifukwa palibe chinsinsi chimene chimabedwa. N'zoona kuti vuto la Heartbleed la mu 2014 linaopsa kwambiri chifukwa linkatulutsa mawu achinsinsi ndi makiyi. Komatu akatswiri a chitetezo enieniwo amawerenga zinthu zitatu: chinsinsi, kusasokonezedwa kwa zosungidwa, ndi kupezeka kwa ntchito pamene ikufunika. Wodwala amene chipatala chikulephera kutsegula mbiri yake, kapena mayi amene ndalama zake zakanika kutuluka pafoni tsiku logula mankhwala, satonthozedwa pomva kuti palibe chabedwa. Kuukira kwa mtundu wina kumafuna makompyuta zikwizikwi obedwa, pamene kuno wina ali yekha ndi laputopu angathe kutseka ntchito yodaliridwa ndi anthu miyandamiyanda. Kutsika mtengo kwa chiwembucho ndiko kukula kwa ngozi yake.

Ena amati mankhwala ake n'kugula memore yambiri kapena kubwereka makina owonjezera kwa makampani akuluakulu. Masamu ake sakuvomereza. Fayilo yotchuka ya 42.zip ndi ya makilobaiti 42 okha, koma ikatambasulidwa yonse imafika mapetabaiti 4.5, kuchuluka kumene palibe seva ingakusunge m'memore. Ngati woukira amawononga pang'ono kuti seva iwononge zochuluka, kuwonjezera memore kumangochedwetsa kugwa ndi mphindi zochepa, ndipo makina odziwonjezera okha amasandutsa chiwembucho kukhala ngongole yaikulu kumapeto kwa mwezi.

Kutsutsa kumene tikukulemekeza ndi kwa amene amaopa kuti malire angatsekereze anthu osalakwa amene mapempho awo ndi aakulu pa zifukwa zomveka. Nkhawayi ndi yoona, koma yankho lake lilipo kale. Kwa zaka zambiri Apache yakhala ikukana mzere wa mutu wopitirira mabaiti 8190 ndiponso mitu yopitirira 100 pa pempho limodzi, ndipo intaneti yakhala ikuyenda bwinobwino. Woyang'anira amene akufuna zoposa pamenepo angathe kukweza malirewo akudziwa chimene akuchita. Kulakwa kunachitika posamukira ku HTTP/2, pamene chikalata cha IETF, bungwe lolemba ndondomeko za intaneti, chinasiya malire a kukula kwa mitu kukhala langizo chabe, ndipo poyambira pake sichinaike malire alionse. Olemba mapulogalamu osiyanasiyana, aliyense payekha, anagwera m'dzenje lomwelo, chizindikiro chakuti vuto linayambira pa chikalata chimene onse ankawerenga.

Tikudziwa kuti ambiri mwa mapulogalamuwa amasamalidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo sitikuwaloza chala iwo okha. Olemba ndondomeko za intaneti aike malire ngati lamulo, osati langizo. Olemba mapulogalamu aike malire a kukula ndi a nthawi paliponse pamene seva ikudikira mlendo kuti amalize kulankhula, ndipo malirewo akhale oyaka pulogalamu ikangoikidwa. Mabanki, makampani a mafoni ndi maboma amene amapindula ndi mapulogalamu aulerewa alipirire ntchito yowayesa, ndipo oyang'anira maseva awo aike zokonza zikangotuluka. Bungwe lililonse lifunse akatswiri ake sabata ino kuti mlendo mmodzi angadye memore yochuluka bwanji pa seva yawo, ndipo lisavomereze yankho lopanda nambala.