Kodi wa laputopu naye akuimba?

Holo yadzaza, anthu alipira ndalama zawo pakhomo, magetsi amitundumitundu akung'anima ndipo masipika akugunda mpaka m'chifuwa. Koma munthu akaponya maso kunsanja sakuonako gitala, ng'oma kapena lipenga. Kuli munthu mmodzi yekha yemwe wawerama pa laputopu uku akugwedeza mutu.

Funso lomwe lakhala likuzunguza okonda nyimbo kwa zaka zoposa 20 tsopano ndi lakuti: kodi ameneyu akuimbadi pamaso pa anthu, kapena wangotsegula nyimbo zomwe adajambula kale kunyumba?

Ku Ulaya ndi ku America ena amachita kuseka kuti mwina mkuluyo akungowerenga makalata ake pa intaneti. Nthabwalayi ili ndi pogwira. Woimba gitala akakhudza nsambo, maso amaona ndipo khutu limamva nthawi yomweyo. Wa laputopu wabisala kuseri kwa chivindikiro cha makina ake, ndipo palibe angalumbire kuti chala chake ndicho chatulutsa phokoso lomwe lamveka.

Amene adathira mafuta pamoto ndi mmodzi mwa eni ntchitoyi. M'chaka cha 2012, katswiri wa ku Canada Joel Zimmerman, yemwe amadziwika ndi dzina loti Deadmau5, adalemba poyera kuti iye ndi anzake ambiri amangodina batani loyambitsira nyimbo akakhala pansanja. Iye adati munthu wodziwako pang'ono za makinawa atha kuphunzira mu ola limodzi zomwe iye amachita pamaso pa anthu, ndipo luso lake lenileni lili mu situdiyo momwe amapangira nyimbozo.

Mawuwa adakwiyitsa anzake ambiri, koma adathandiza anthu kudziwa kuti m'mapwando ena akuluakulu nyimbo zimakhala zitalumikizidwa kale ndi magetsi komanso zithunzi, moti woimba sangasinthe zambiri ngakhale atafuna.

Mantha a anthu olipira pakhomo sadayambe ndi laputopu. M'chaka cha 1989, anyamata awiri a gulu la Milli Vanilli, Rob Pilatus ndi Fab Morvan, adachita manyazi ku Bristol m'chigawo cha Connecticut ku America pomwe nyimbo yomwe ankanamizira kuimba idakakamira n'kumangobwereza malo amodzi. Patapita nthawi zidaululika kuti ngakhale mawu a m'chimbale chawo sadali awo, ndipo mu November 1990 adalandidwa mphoto ya Grammy. Chidapweteka anthu kwambiri n'chakuti adagulitsidwa chinthu china m'dzina la china. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe kungakhale kulakwa kuika onse ogwiritsa ntchito laputopu m'thumba limodzi ndi Milli Vanilli.

Pulogalamu yomwe oimba ambiri otere amagwiritsa ntchito ndi Ableton Live, yomwe idatuluka m'chaka cha 2001 kuchokera mumzinda wa Berlin ku Germany. Ena mwa omwe adaiyambitsa, Gerhard Behles ndi Robert Henke, adali oimba a gulu la Monolake omwe ankafuna chida choti azinyamula kupita nacho pansanja.

Mu pulogalamuyi nyimbo imakhala m'zidutswazidutswa: kugunda kwa ng'oma pakepake, besi pakepake, mawu pawokha, kiyibodi payokha. Woimba ndiye amasankha chidutswa choti chilowe, choti chikhale chete, choti chibwerezedwe komanso nthawi yake. Atha kuchotsa ng'oma anthu ali pakati povina, n'kuwasiya m'malere kwa kanthawi, kenaka n'kuzibweza holo yonse n'kuphulika. Atha kujambula mawu ake pomwepo n'kuwasanjikiza kangapo mpaka kumveka ngati kwaya. Nyimbo yomwe dzulo idatenga mphindi 4, lero itha kutenga 10 kaamba koti ovina aikonda.

Munthu wochita zimenezi akugwira ntchito pamaso pa anthu. Akumvetsera, akuyang'ana ovina, akuganiza ndipo atha kulakwitsa.

Okonda nyimbo za rege sayenera kudabwa nazo izi. M'zaka za m'ma 1970 ku Jamaica, akatswiri monga King Tubby ndi Lee "Scratch" Perry adasandutsa makina osakanizira nyimbo kukhala chida choimbira. Ankatenga nyimbo yojambula kale, kuzimitsa mawu, kukweza besi, kuponyamo maungwe, n'kutulutsa nyimbo yatsopano ya mtundu wa dub. Lero palibe amakana kuti amenewa adali akatswiri. Wa laputopu waluso akuchita zomwezo, kungoti wazitulutsa mu situdiyo n'kupita nazo kunsanja.

Mbiri ikuonetsanso kuti chida chilichonse chachilendo chimayamba chanyozedwa. Pomwe Bob Dylan adakwera pansanja ndi gitala yamagetsi ku Newport m'chaka cha 1965, ena mwa omutsatira adamukuwiza. Gulu la ku Germany la Kraftwerk, lomwe lidayamba mu 1970 mumzinda wa Düsseldorf, lidakhala likuimba ndi makina kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2002 amuna anayi a gululi adayamba kuonekera pansanja aliyense ali kuseri kwa laputopu. Nalo gulu la ku France la Daft Punk lidajambula zomwe lidaimba pamaso pa anthu mumzinda wa Paris n'kutulutsa chimbale cha Alive 2007, chomwe chidapata mphoto ya Grammy mu 2009.

Choncho nkhani siili pa chida. Muyeso wabwino ndi mafunso awiri. Loyamba: woimbayu atachoka pansanja n'kupita kukamwa madzi, kodi nyimbo ingapitirire chimodzimodzi mpaka kumapeto? Lachiwiri: kodi zomwe zamveka usiku uno zikusiyana ndi zomwe zidamveka dzulo mumzinda wina? Ngati nyimbo ingathe yokha mwini wake kulibe, ndipo usiku uliwonse n'chimodzimodzi, pamenepo anthu angomvera chimbale pa masipika aakulu. Ngati kuchoka kwake kungachititse kuti zinthu ziime kapena zisokonekere, munthuyo akuimba.

Kuimba pamaso pa anthu kumakoma chifukwa zinthu zitha kulakwika. Woimba wa ku Canada Grimes adazionera yekha ku phwando la Coachella ku California mu April 2024, pomwe makina ake adasokoneza liwiro la nyimbo ndipo iye adavutika nawo anthu akuona, mpaka adapepesa. Lidali tsiku loipa kwa iye, koma lidaonetsa kuti pansanjapo padali ntchito yoti munthu agwire, ndipo itamukanika aliyense adamva.

Ena mwa oimbawa adaona kale kuti vuto lagona pa kubisa. Bungwe la TOPLAP, lomwe lidayamba mu 2004, limalimbikitsa oimba kuti azionetsa pakhoma zonse zomwe zili pa kompyuta yawo. M'mapwando otchedwa algorave, omwe adayamba ku Britain mu 2012, woimba amalemba malamulo a kompyuta pomwepo, anthu akuwerenga, ndipo mzere uliwonse womwe walemba umasintha nyimbo. Akalakwitsa chilembo, onse amaona. Si onse angafike pamenepo, koma kuika kamera yoonetsa manja a woimba n'chinthu chapafupi.

Pali dandaulo lina lomwe siliyenera kupeputsidwa, ndilo la ntchito. Mafilimu okhala ndi mawu atayamba mu 1927, oimba zikwizikwi omwe ankaimba m'nyumba zoonetsera kanema ku America adachotsedwa ntchito, ndipo mu 1930 bungwe lawo la American Federation of Musicians lidachita kampeni yolimbana ndi nyimbo zojambula. Lero laputopu imodzi itha kulowa m'malo mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo wokonza phwando amaona phindu msanga: tikiti imodzi ya ndege, chipinda chimodzi chogona. Woimba ng'oma yemwe watsala kunyumba ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Koma mbali inayo nayo ndi yoona. Mnyamata kapena mtsikana yemwe sangakwanitse kugula zida za bandi yonse atha kuyamba ndi kompyuta yakale n'kufika patali. Kuletsa chidachi sikungabweze ntchito ya woimba ng'oma. Chomwe chingamuteteze ndi anthu odziwa kusiyanitsa zomwe akugula, n'kulipira chilichonse mtengo wake.

Kuno kumudzi mkanganowu si wachilendo. Anthu akhala akudandaula za oimba omwe amalengeza phwando, n'kufika ndi CD kapena kafulashi m'thumba, n'kumangotsatira mawu awo omwe. N'chifukwa chake magulu oimba ndi zida monga Black Missionaries ndi Alleluya Band akhala ndi ulemu wapadera. Komanso dziko lino lidaona mwana wake Esau Mwamwaya akutchuka kunja ndi gulu la The Very Best, lomwe chimbale chake cha Warm Heart of Africa cha mu 2009 chidaphatikiza mawu ake a Chichewa ndi nyimbo zopangidwa pa makina ku London. Makina sadamulande luso, adalinyamula n'kukalifikitsa kutali.

Yankho tsono n'lakuti inde, kuimba ndi laputopu kutha kukhala kuimba kwenikweni pamaso pa anthu, koma si nthawi zonse. Udindo uli ndi oimba komanso okonza mapwando kunena zoona pa chikalata choitanira anthu. Ngati kukubwera bandi, alembe kuti bandi. Ngati ndi DJ wosakaniza nyimbo za ena, lomwenso ndi luso palokha, alembe choncho. Ngati woimba adzamanga nyimbo zake pomwepo ndi makina, anene, ndipo alole anthu aone manja ake. Ngati adzangodina batani n'kumavina, anenenso, ndipo mtengo wa pakhomo ugwirizane ndi ntchitoyo.

Wolipira ndalama yake ali ndi ufulu wodziwa chomwe akugula asadalowe m'holo.