Zoceza za Mlungu Uno: Nandipha wa ku Horizon Deep



Lamulungu lapitali ndinakwera tekisi ku Germiston kunka ku Bedfordview kukaona munthu wa kwathu amene ndimamucha acimwene, ngakhale sitiri a bere limodzi. Iwowa anagwira nchito ya pansi zaka zambiri, koma masiku ano amasamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ya bwana wina kumeneko. Amene simunafikeko, Bedfordview ndi malo a anthu a ndalama, kum'mawa kwa Johannesburg: nyumba zazikulu, mitengo ya mthunzi, ndi mipanda ya magetsi yakuti ngakhale mphaka aganiza kawiri. Dzina lace linacokera ku Bedford Farm, munda wa Sir George Farrar, uja anali mkulu wa migodi ya E.R.P.M. ku Boksburg. Tsono ine ndimawaseka acimwene kuti pa mgodi sanacokepo konse, angokwera pamwamba kudzathirira maluwa amene golide anabzala.

Titadya nsima m'kacipinda kao ka kuseri, ndinati titsegule kanema. Iwo anangogwedeza mutu nati, "Tsegulani, koma kwa ine kanema anatha tsiku limene anatseka Isidingo." Kenaka anandiloza ndi cala nati, "Inu alembi, mulemba za mpira ndi za mabonasi mlungu ndi mlungu. Bwanji simulemba za mkazi uja anandicotsa ku manda?" Ndinalonjeza, ndipo lero ndibweza ngongoleyo.

Anyamata amene mwafika posacedwa, mverani. Isidingo linali sewero la pa kanema wa SABC 3, loonetsedwa madzulo kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu. Linayamba mu July 1998 ndipo linatha mu March 2020, pafupi-fupi zaka 22. Mau akuti isidingo m'Cizulu ndiye kuti cosowa. Amene analiyambitsa ndi Gray Hofmeyr, ndipo nkhani yace inali ya mudzi wongopeka wa pa mgodi wa golide, dzina lace Horizon Deep. Ndico cifukwa cace anthu a m'makomboni analikonda kopambana. Munali azungu a ndalama ndi ziwembu zao, Barker Haines ndi Cherel, koma munalinso munthu wonga ife, Zebedee Matabane, amene onse ankamucha Bra Zeb, mwamuna wa pa mgodi wouma mutu, ndi mkazi wace Agnes, ndi mwana wao Parsons. Amene ankasewera Bra Zeb, Don Mlangeni Nawa, anatisiya mu April 2025.

M'banja limeneli la Matabane ndimo munalowa mtsikana wochedwa Nandipha Sithole. Mwini wace weni-weni, amene ankabvala dzinali ngati malaya a nchito, ndi Hlubi Mboya. Anabadwa pa 2 March 1978, naphunzira ku Cape Town, ndipo analowa m'seweroli akali mtsikana wa zaka za m'ma 20. Olemba sewero anampatsa katundu amene ambiri akanamukana: Nandipha anapezeka ndi kacirombo koyambitsa Edzi.

Lero cimeneci cioneka caching'ono ngati nkhani ya malungo, koma tikumbuke masiku amenewo. Mu December 1998 mai wina wa ku KwaMashu, kufupi ndi Durban, dzina lace Gugu Dlamini, anaulula poyera kuti ali ndi kacirombo, ndipo mwezi womwewo anthu a kwao anam'menya mpaka kufa. Akulu a boma la South Africa anataya zaka akukangana ngati kacirombo ndiko kadzetsa nthendayi, uku anthu akuikidwa Loweruka liri lonse. Ku maliro tinkamva kuti malemu anadwala nthawi yaitali, basi. Wina ati anamlodza, wina ati ndi pfumbi la pa mgodi.

Ndipo ife a ku Malawi tinali ndi bala lathu-lathu. Pakati pa 1988 ndi 1992 amuna a ku Malawi okwana ngati 13,000 anabwezedwa kwao kucoka m'migodi ya kuno. Cifukwa cimene cinanenedwa ndi cakuti ena mwa iwo, ngati 200, anapezeka ndi kacirombo. South Africa inafuna kuti munthu ali yense ayezedwe magazi asanalembedwe, boma la Malawi linakana, ndipo kulemba anthu kwa TEBA ku Malawi kunaima. Anthu ophunzira atsutsanabe ngati cifukwa ceni-ceni cinali nthenda kapena kuti migodi inali itayamba kufuna anthu a konkuno. Ine sindiweruza mlandu umenewo pano. Cimene ndidziwa ndi phunziro limene linatsala m'mitima ya amuna: kuyezetsa magazi ndiko kutaya nchito. Acimwene anali m'gulu la obwezedwalo, ali mnyamata wa magazi abwino-bwino. Anakhala ku mudzi zaka zingapo, feteleza nakwera mtengo, nabwerera okha kudzalowa nchito kwa makontilakita pa mgodi wina kumadzulo kwa Johannesburg. Koma singano ya dotolo anaiopa koposa mwala wogwa.

Tsono taonani cimene seweroli linacita. Tonse tinkayembekeza kuti Nandipha aonda, alira, amwalira pomatha mwezi, monga zinkathera nkhani zonse za nthendayi. Iai, sanafe. Anakondana ndi Parsons nakwatiwa naye, mwamunayo akudziwa zonse. Anagwira nchito, anabvala bwino, anaseka, anakangana ndi mwamuna wace monga acita akazi onse. Madzulo ali onse anthu mamiliyoni ankamuona akudya pa gome limodzi ndi a m'banja la Matabane, mbale zomwezo, makapu omwewo. Palibe cikwangwani ca pa khoma la cipatala cimene cikanaphunzitsa zimenezi, pakuti cikwangwani munthu aciwerenga kamodzi nadutsa, koma Nandipha ankabwera m'nyumba kasanu pa mlungu ngati mlamu.

Mu 2006 olembawo anamdwalitsa zeni-zeni. Nthenda inakula, nayamba kumwa mankhwala aja tiwacha ma ARV, ndipo anadzuka. Pa nthawiyo mankhwalawo anali atafika kale. Anglo American inalengeza mu August 2002 kuti idzapereka ma ARV kwa anchito ace, zipatala za boma kuno zinayamba kupereka mu 2004, ndipo ku Malawi anayamba kupereka aulere caka comweco. Bvuto linali mzere. Mwamuna wa ndebvu zace aime pa khomo limene komboni yonse idziwa kuti ndi khomo la ciani? Ambiri anasankha kufa mwaulemu.

Acimwene ati caka cimeneco anali akutsokomola miyezi itatu, thukuta usiku, buluku likutsika lokha. Madzulo ankakhala m'holo ya pa komboni pamodzi ndi Abasotho, Amashangane ndi Amaxhosa, onse maso pa kanema. Ati usiku umene Nandipha anagona pa bedi wosatha kudzuka, m'holo munali zii, kopanda ndi wokoka mpando yemwe. Atayamba kupeza bwino, mkangano unabuka m'zinenero zinai. Wina ati ndi bodza la azungu, mankhwalawo ndiwo akupha. Wina ati mlongo wace akumwa ndipo wanenepa. Kwa nthawi yoyamba amuna analankhula za nthendayi mokweza, cifukwa ankanena za Nandipha, osati za iwo eni. Mwambi uja uti mutu umodzi susenza denga. Koma pano mutu umodzi wa mtsikana wa pa kanema unasenza manyazi a komboni yonse.

Loweruka lotsatira acimwene anakwera matekisi awiri kunka ku cipatala ca kutali kumene kunalibe wowadziwa. Anawapeza ndi ziwiri, cifuwa cacikulu ndi kacirombo. Zimenezi ziyenda pamodzi kawiri-kawiri pakati pa ife, pakuti pfumbi la mwala liononga mapapo, kacirombo nikafoketsa thupi, cifuwa nicipeza khomo lotsegula. Anamwa mankhwala a cifuwa miyezi 6, nayamba ma ARV. Koma ati zonsezi zinali zopepuka. Colemera cinali kuuza alamu anga ku mudzi. Analemba kalata katatu naing'amba katatu. Potsiriza anadikira chuthi ca Khirisimasi, nakanena pakamwa, kuseri kwa nkhokwe. Alamu anakhala masiku awiri osawalankhula; tsiku lacitatu anabvala citenje cao ca ku chalichi nati, "Tiyeni mundiperekeze ku cipatala." Onse awiri ali moyo lero, ndipo ali ndi zidzukulu.

Ndinawauza acimwene kuti mkaziyo dzina lace ndi Hlubi Mboya, ndi kuti kudwala kuja kunali kwa m'sewero. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ndidziwa," anatero, "koma kwa ine ndi Nandipha." Tsono ndiyenera kunena za Hlubi mwini wace, pakuti akanatha kubvula dzina lija pocoka ku nchito monga ife tibvula cisoti ndi nyali, koma sanatero. Anakhala kazembe wa 46664, nchito imene Nelson Mandela anaiyambitsa yolimbana ndi Edzi. Nambalayo ndi imene Mandela anapatsidwa ku ndende ya Robben Island, mkaidi wa 466 wa caka ca 1964. Ndipo ife amene tinaitanidwa ndi nambala m'malo mwa dzina tidziwa kulemera kwace. Mandela yemweyo mu January 2005 anauza dziko lonse kuti mwana wace Makgatho wamwalira ndi Edzi, monganso Bakili Muluzi ananena za mbale wace mu 2004. Hlubi anayenda m'misonkhano ndi pakati pa acinyamata kunena poyera zimene Nandipha ankanena pa kanema.

Pambuyo pace bungwe la United Nations loona za cakudya, World Food Programme, linamsankha kukhala kazembe wace wolimbana ndi njala. Poyamba ndinadabwa kuti njala ikhudzana bwanji ndi nkhani yace, koma funsani ali yense amene amwa mankhwalawa: m'mimba mopanda kanthu munthu aleka kumwa. Bungweli ndi lomwe lija lithandiza kuphika phala m'masukulu ambiri kwathu ku Malawi, kuti mwana apite ku sukulu ngakhale kunyumba sikunafuke utsi. Mu March 2013 Hlubi anakwera phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, pamodzi ndi akazi a ku Tanzania ndi a ku Nepal, kuti dziko limve za cakudya ca m'masukulu ndi maphunziro a atsikana. Mmodzi wa a ku Nepal, Nimdoma Sherpa, anakula akudya cakudya ca bungwe lomweli pa sukulu yace, ndipo mu 2008 anafika pamwamba pa Everest. Inu amene mutsika m'cikepe makilomita atatu pansi pa nthaka, dziwani kuti akaziwa anakwera phiri lotalika pafupi-fupi kawiri kace kunka kumwamba, ndi miyendo.

Nchito yace ya masewero sinathere pa Isidingo. Anaoneka m'mafilimu angapo, ndipo mu 2017 analandira mphoto ya SAFTA cifukwa ca filimu yochedwa Dora's Peace, imene nkhani yace icitikira ku Hillbrow.

Ndidziwa kuti ena a inu muti anthu ochuka acita zacifundo pofuna zithunzi, ndi kuti kukwera phiri sikudzaza mphika wa munthu. Ine ndibvomera theka lace. Ndaonapo anthu a pa kanema akubwera ndi mabulangete khumi ndi ojambula makumi awiri. Sindingathe kukuwerengerani ana amene anadya phala cifukwa ca ulendo wa ku Kilimanjaro. Koma mtsikana amene abvomera, pa masiku amene Gugu Dlamini anaphedwa, kuti nkhope yace ikhale nkhope ya nthenda imeneyi, kuti anthu amuloze m'sitolo ndi kunong'onezana, ameneyo sanali kufuna zithunzi zokha. M'kuona kwanga mphatso yace yaikulu inali imeneyo, ndipo anaipereka kwa zaka zambiri, madzulo ndi madzulo, kwa amuna amene sadzawaona nkhope.

Masiku ano zinthu zapepuka koposa m'nthawi ya Nandipha. Ambiri amwa mbulu umodzi pa tsiku. Kuyezetsa ndi kwaulere m'zipatala za boma, ndipo lamulo la kuno sililola bwana kucotsa munthu nchito cifukwa ca kacirombo. Madotolo atsimikiza kuti munthu womwa mankhwala mokhulupirika, kufikira kacirombo sikaonekanso poyeza, sapatsira mkazi wace. Cimene ndiona cisanasinthe ndi cimodzi: amuna afikabe ku cipatala mocedwa kuposa akazi, ena atanyamulidwa.

Dzuwa litapendeka acimwene anandiperekeza kufikira ku Eastgate kumene kuima matekisi. Tiri m'njira foni yao inalira m'thumba. Ndinayesa ndi alamu, koma anaturutsa kacitini ka fodya wa mphuno, m'menemo muli mibulu, nameza umodzi ndi madzi a m'botolo, pa mseu pomwepo, anthu akudutsa. Ndinafunsa cifukwa cace anasankha ora limenelo. Anati namwino atawafunsa nthawi imene sangaiwale, iwo anachula nthawi imene Isidingo inkayamba, ndipo kufikira lero sanaisinthe.