Miyezi 36 yathu isapite pachabe

Asisi, ambirife tikugwira ntchito ya akawunti tsiku ndi tsiku, koma thukuta limenelo silinalembedwe paliponse. Kukhoza mayeso a ACCA pakokha sikutipatsa umembala. Pamafunikanso miyezi 36 ya ntchito yeniyeni ndi ma performance objective 9, osainidwa ndi akawuntanti wovomerezeka amene amaona ntchito yathu.

Apa mpamene timagwa. Timati tisainitsa mawa, bwana n'kusamuka, umboni n'kupita naye. Ena amazengereza dala, ati "tikakambirane madzulo." Ayi. Siginecha si mphatso, tinaigwirira ntchito.

Tiyambe lero kulemba mu My Experience, ngakhale mayeso sanathe. Miyezi yomwe tinagwira tisanalembetse imawerengedwanso. Ndipo inu achemwali omwe munamaliza kale, asainireni atsikana a mu ofesi mwanu mosawavutitsa.