Kodi mwana wanu akuimba chiyani m'Chisipanishi?

Makolo anzanga, mu 2017 kunabwera nyimbo yotchedwa "Despacito" imene inalowa paliponse ngati utsi. Anaiimba ndi Luis Fonsi ndi Daddy Yankee a ku Puerto Rico, chilumba cha ku Caribbean komwe amalankhula Chisipanishi. Atalowamo Justin Bieber, inakhala pa nambala wani kwa masabata 16 pa mndandanda wa Billboard Hot 100 ku America. Kuno ku Madziabango sindidziwa munthu ndi mmodzi yemwe wolankhula Chisipanishi, koma nyimboyi inkamveka m'minibasi, m'malo ometera tsitsi ndi m'mafoni a anyamata a kabaza. Ana ankaitsatira mawu ndi mawu, lilime likupindika bwinobwino, ana omwewo amene vesi loloweza limawatengera sabata yathunthu.

Nyimbo imafika bwanji pamwamba chonchi? A Billboard amawerenga zinthu zitatu: kangati yaseweredwa pa wailesi, angati aigula, ndi kangati yamvedwa pa intaneti. Ikakwera pa mndandanda, oulutsa mawu m'mayiko ena amaiona n'kuyamba kuiika. Akaiika kawirikawiri anthu amaizolowera, akaizolowera amaipempha, ndipo imakweranso. Mnyamata wokopera nyimbo pa memory card pamsika nayenso amaika zomwe zikumveka pa wailesi. Khutu la munthu limakonda chimene lamva kambirimbiri. N'chifukwa chake nyimbo imene munaida tsiku loyamba mumapezeka mukuing'ung'udza mukutsuka mbale.

Palinso china chimene chimakokera ife Amalawi. Kagundidwe ka ng'oma m'nyimbozi, zomwe amazitcha reggaeton, kanachokera ku dancehall ya ku Jamaica, n'kudzera ku Panama ndi ku Puerto Rico. Ife takhala tikumva reggae ndi dancehall kwa zaka zambiri, choncho thupi limayamba kuvomera mutu usanafunse kuti akunena chiyani.

Nanga akunena chiyani? Dzina la nyimboyo limatanthauza kuti pang'onopang'ono. Zimene woimbayo akufuna kuchita pang'onopang'onozo ndi za kuchipinda, ndipo amazifotokoza mosabisa, moti sindingazilembe m'magazini ino. Mu Julaye 2017 boma la Malaysia linaletsa nyimboyi pa wailesi ndi kanema wa boma chifukwa cha mawu ake. Ikanakhala m'Chichewa, palibe mayi akanalola mwana wa Sitandade 3 kuimaliza. Chinenero chachilendo ndicho chinaipatsa chilolezo cholowera m'nyumba zathu.

Ndipo tisanene kuti ndi ana a masiku ano okha. Ife a zaka za m'ma 40 tikukumbukira "Macarena" ya Los del Río a ku Spain, yomwe mu 1996 inakhala pa nambala wani masabata 14. Dziko lonse linavina, manja kutsogolo, manja kumutu, manja m'chiuno, mpaka pa maukwati. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene bwenzi lake likulowa usilikali, iye n'kumayenda ndi anzake awiri a mnyamatayo. Pa ukwati!

Musanditenge ngati ndikudana ndi Chisipanishi. Abale athu a Chiadventi ku Mexico, Colombia ndi Peru alipo ochuluka zedi, ndipo Sabata lililonse amaimba m'chinenero chomwecho nyimbo zambiri zimene ife timaimba m'Chichewa. Ngakhale Daddy Yankee mwini wake, pa chionetsero chake ku Puerto Rico mu Disembala 2023, anauza khamu la anthu kuti kutchuka konse kuja sikunadzaze mtima wake, ndipo wasankha kutsata Yesu. Vuto ndi loti mwana aziloweza mawu amene iyeyo ndi makolo ake sakuwadziwa.

Kulanda foni ine sindikuvomereza kwenikweni. Mwana amakamvera kwa mnzake, ndipo inu mwangotseka njira yokambirana naye. Chimene ndaona chikuthandiza n'chakuti mukhale naye pansi, mumufunse dzina la nyimbo imene akuikonda, mufufuze limodzi tanthauzo lake pa foni yomweyo, kenako iyeyo akuwerengereni mokweza. Achinyamata ambiri amaima okha pakati, manyazi atawagwira, inu musanalalikire kalikonse. Nthawi zina mupeza kuti nyimboyo ilibe choipa, ndipo pamenepo muvomereze.

Mbali imene ikundidetsa nkhawa kwambiri monga wa zaumoyo ndi makutu. Nyimbo za mtunduwu zimakoma ng'oma ikamagunda mwamphamvu, choncho ana amakweza mahedifoni mpaka pomaliza, ena amagona nawo. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe kotere. Limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata pa phokoso la ma decibel 80, ndipo phokoso likakwera pang'ono pokha, maola ololedwawo amatsika kwambiri. M'kati mwa khutu muli timaselo ting'onoting'ono tokhala ngati ubweya timene timalandira mawu. Tikafa sitimeranso, ndipo palibe mankhwala otidzutsa. Izi zimachitika ngakhale nyimboyo ili ya kwaya, choncho nawonso oyendetsa zimkuzamawu kutchalitchi ndi pa misonkhano ya misasa amve.

Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati mwaima pafupi ndi mwana wanu n'kumamva nyimbo yotuluka m'mahedifoni ake, kapena mpaka mukuwe kuti akumveni, atsitse. Asapyole pang'ono theka la mphamvu ya foniyo, ndipo azipumitsa makutu. Akamadandaula kuti m'khutu mukulira ngati nkhululu, kapena mukaona kuti akungoti "mwati bwanji?" kawirikawiri, pitani naye ku chipatala chaching'ono chapafupi. Akaona kuti n'koyenera akutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli malo oyezera makutu.