Wailesi Isaiwale Msodzi wa ku Chilwa

Dzuwa likalowa pa dooko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, msodzi amene wabwerako kokoka matemba amakhala pansi ndi kupotokola wailesi yake. Masana amamva nyumba zoulutsira mau zowerengeka chabe, koma usiku mau amabwera ochuluka, ena ochokera ku Mozambique, tsidya lina la nyanjayi, ena kutali koposa apo. Ichi si chozizwitsa ai. Ndi khalidwe la mafunde a wailesi otchedwa AM, ndipo nkofunika kuti onse amene amayendetsa nyumba zoulutsira mau alimvetse asanasunthe malo amene mau ao amapezekera.

Mafunde a AM ali ndi njira ziwiri. Masana amakwawa ndi nthaka, ndipo pamene nambala ya pa wailesi ili yochepa, mafundewo amakhala aatali ndipo amafika patali. Mwachitsanzo, 756 kHz, pamene wailesi ya MBC inkamvekera kuchokera ku Blantyre, ndi mafunde a mamita pafupifupi 397, pomwe 1422 kHz ndi mamita 211 okha. Nyumba ziwiri zamphamvu zofanana sizingafike mtunda wofanana pa manambala awiriwa. Usiku mafunde amakwera kumwamba, nkugunda mpweya wa kutali umene umawabweza pansi pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Nchifukwa chake mau akutali amamveka usiku, komanso nchifukwa chake nyumba ziwiri zoyandikana manambala zimasokonezana.

Pofuna kuchepetsa chisokonezo chotere, maiko a mu Africa, Ulaya ndi Asia anagwirizana ku Geneva m'chaka cha 1975 kuti nyumba za AM zizitalikirana ndi 9 kHz. Panganoli linayamba kugwira ntchito pa 23 November 1978, ndipo nyumba zambiri zinasuntha manambala ao. Zimenezi zinaonetsa poyera kuti nambala ya wailesi si chinthu choseweretsa, popeza kuisuntha kumasintha malire a anthu amene angamve.

Anthu a dziko lino anazolowera kumvera mau akutali kalekale. MBC isanakhazikitsidwe m'chaka cha 1964, makolo ankamvera Chinyanja kuchokera ku Lusaka pa tiwailesi tooneka ngati sefuliya timene tinayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949. Lero nyumba zambiri zili pa FM, ndipo palibe angakane kuti mau ake ndi omveka bwino, opanda phokoso la ziphaliwali. Koma mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala kwa nyali. Phiri likaima pakati, mau amazilala, ndipo mdima suwaonjezera mtunda ngakhale pang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Msodzi wa ku Chilwa amakhala masabata ambiri m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa mabango, kutali ndi nyuzipepala ndi magetsi. Anthu a pa chilumba cha Chisi amadalira bwato kuti afike kumtunda. Nyanjayi ndi yosazama ndipo imasintha msanga: inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo inatsikanso kwambiri mu 2018. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma masiku ano wailesi ndiyo ng'oma imene ingachenjeze munthu madzi asanamufike m'khosi. Chenjezo limene silinafike kwa mwini bwato ndi chimodzimodzi chenjezo limene silinaperekedwe.

Choncho nyumba iliyonse imene ifuna kusintha nambala yake, kapena kuzimitsa makina a AM, iyenera kuyamba yatumiza amisiri ake ku Kachulu ndi ku Chisi ndi wailesi wamba ya mabatire, kuti akamve okha masana ndi usiku ngati mau akufika. Kuyesa kochitikira mu ofesi mu mzinda sikukwanira. Kachiwiri, nambala yatsopano ilengezedwe kwa masabata angapo pa nambala yakale, ndiponso kudzera mwa mafumu, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'makomiti a asodzi a pa madooko. Kachitatu, bungwe la MACRA, limene limagawa manambalawa, lisamangowerengera kuchuluka kwa omvera a m'tauni, koma lifunsenso kuti ndani amene atsale mu mdima.

Kusamalira makina a AM kumadya magetsi ndi ndalama zambiri, ndipo izi nzoona. Koma chitukuko chenicheni chimayezedwa poona munthu amene ali kutali kwambiri ndi likulu. Matemba amene amadyedwa ku Zomba ndi ku Limbe amachokera m'manja mwa msodzi ameneyu, ndipo iye ayenera kuipeza wailesi ya dziko lake nthawi iliyonse imene waifuna.